Alamu Anga ndi Jakisoni wa M'filiji

Alamu anga anagwira ntchito pachipatala chachikulu zaka makumi awiri ndi zitatu. Mukakumana nawo koyamba, zimenezi mudzazimva musanakhale n'komwe pansi. Chimene sadzakuuzani n'chakuti ankayendetsa galimoto yonyamula zochapa. Ankaima kukhomo lakuseri, kulongedza mashiti ndi mabulangete akuda, kupita nawo kochapira, n'kubwera nawo atasitidwa. Wodwala sanamugwirepo ngakhale chala. Chimene ankagwira ndi pilo amene wodwalayo wasiyapo thukuta.

Popuma ntchito anatuluka ndi jasi loyera la madokotala. Amati anachita kupatsidwa pothokoza. Jasilo lili ndi chidindo cha kochapira kuseri kwa kolala, ndipo manja ake ndi aatali moti amachita kupinda kawiri. Pamaso anthu amawatchula kuti adokotala. Akapotoloka amati a Sayirini, chifukwa amamveka asanafike, ndipo akafika anthu amapatuka.

Pakona pa msewu wathu pali kashopu kokonza mafoni, ndipo pakhonde pake pali benchi. Pamenepo ndiye pa ofesi pawo. Munthu akangotsokomola podutsa, amamuitana n'kumuuza matenda ake. Wometa tsitsi wa pafupi pomwepo anadandaulapo msana, iwo n'kumuuza kuti ndi impso zauma, amwe madzi amchere makapu anayi m'mawa uliwonse. Bambo uja anatseka shopu masiku atatu, akungothamangira kuseri. Atabwerako ali wofooka, alamu anamugwira paphewa n'kunena kuti, "Waona? Zoipa zonse zatuluka." Ndipo wometayo anathokoza. Anthu a mumsewu mwathu nawonso sindiwamvetsa.

Akazi awo ndi achemwali anga. Tinabadwa awiri, iwo amandiposa ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndi telala, ndipo si telala wamba. Akakuyang'anani kamodzi, tepi amangoigwira pofuna kukulemekezani, muyeso aupeza kale ndi maso.

Matenda awo anayamba atangobereka mwana wachiwiri. Kanatuluka kachigamba pachigongono, kotuwa, koyabwa, kokhala ndi mamba ngati a nsomba. Kenako m'mawondo, kumsana, m'mutu mpaka kuseri kwa makutu. Akakanda pankatuluka timadontho ta magazi. Akadzuka pampando pankatsala tizikhungu toyera ngati wina wakutumulirapo utuchi. Dzina la matendawa tinadzalimva patapita zaka zambiri: soriyasisi. Sapatsirana. Ndi chitetezo cha m'thupi chimene chimasokonekera n'kumathamangitsa khungu, latsopano kubwera lakale lisanachoke.

Koma m'nyumba muja munali kale dokotala. Chaka choyamba anati ndi zipere. Chachiwiri anati mphere. Chachitatu anatengera mayi athu pambali, n'kutsitsa mawu, kuwauza kuti ndi khate ndipo lachokera kumtundu kwathu. Anatenga penti yofiira n'kudontheza pansi pa mbale imodzi, kapu imodzi ndi supuni imodzi. Zimenezo zinali za achemwali. Thaulo lawo linkayanikidwa pa chingwe chakechake. Ana anauzidwa kuti asamakhale pamiyendo pa mayi awo. Iwo eni anasamukira pa bedi lina, ati poteteza odwala a kuchipatala, ngati kuti mashiti amadwala.

Mankhwala ndiye sankasowa. Anawadzozapo oyilo wakuda wa injini. Anawaletsa mazira, mkaka, nyama, mpaka tomato, zonsezo iwo akudya pamaso pawo. Tsiku lina anabweretsa m'botolo mankhwala okolopera pansi a kuchipatala n'kuthira m'madzi osamba. Achemwali anatuluka m'bafa akunjenjemera, khungu lili psuu ngati lawauka ndi moto. Alamu anaweramira pafupi, manja kumbuyo, n'kugwedeza mutu.

"Akugwira ntchito," anatero. "Akapanda kuwawa si mankhwala."

Kuchipatala ankapita ndithu, nthawi zina, n'kupatsidwa todzola tomwe tinkathandiza mwezi umodzi. Koma zinkabwereranso, ndipo zikabwerera alamu ankaoneka ngati munthu amene timu yake yachinya.

Chimene chinkandiwawa kwambiri ndi mbiri imene anapeza nayo nkhaniyi. Mlendo akabwera ankamukhazika pabalaza, kuitana achemwali, kuwauza kuti apinde mkono wa bulauzi kuti mlendo aone. Kenako ankapumira m'mwamba.

"Mwamuna wina akanamubweza kwawo kalekale. Koma ife a zachipatala tinaphunzira kupirira."

Azimayi a mumsewu ankachita kuwatchula ngati chitsanzo pokalipira amuna awo. Achemwali ankangotsitsa mkono wa bulauzi n'kupita kukateleka tiyi.

Ankasokera m'kachipinda kakuseri, ka zenera limodzi loyang'ana khoma la aneba. Nsalu za anthu ankalandira ndi alamu pakhomo, kuopa kuti makasitomala angaone manja amene akusoka. Nsalu ikakhala yakuda, achemwali ankaipukuta ndi burashi katatu asanaipinde, kenako n'kuikweza pa kuwala kwa zenera kufufuza ngati patsala kakhungu. Atakwana zaka makumi asanu, matenda analowanso m'mafupa. Zala ziwiri za kudzanja lamanja zinatupa ngati masoseji, sizasi inayamba kuwapulumuka.

Amene anathetsa zimenezi ndi mwana wawo woyamba, wamkazi. Anapeza ntchito pa kampani ina yomwe imathandiza antchito ndi makolo awo pa zachipatala. Sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Anabwera m'mawa wina, kuwaveka mayi ake nsapato, n'kupita nawo kwa dokotala wa khungu.

Dokotalayo ndi mayi wamfupi, wamagalasi, wolankhula mosathamanga. Achemwali amati chinthu choyamba chimene anachita ndi kuwagwira mkono ndi manja ake enieni, osavala magolovesi, n'kumasisita chigamba ndi chala chachikulu uku akufunsa mafunso. Anayamba ndi mapiritsi. Mapiritsiwo anawasanzitsa miyezi inayi osasintha kanthu kooneka. Ndiye anawauza za jakisoni wa mtundu wina amene amati bayolojiki, amene amakagwira kambali kamodzi kokha ka chitetezo cha m'thupi, kamene kamakolezera motowo. Asanayambe anawajambula m'chifuwa, kuwayeza chifuwa chachikulu, chiwindi ndi magazi. Jakisoniyo amabwera m'kabokosi, wooneka ngati cholembera chonenepa. Munthu amadzibaya yekha pantchafu kamodzi pamwezi, ndipo amasungidwa m'filiji, osati mowumitsa madzi muja ayi.

Mwezi wachitatu usanathe, achemwali anafika ku ofesi ya sukulu kumene ndimagwira ntchito yolemba makalata. Anali atavala diresi la manja aafupi, lachikasu, losoka okha. Anaima pakhomo n'kutambasula mikono.

"Iwe, taona."

Khungu linali see. Panangotsala madontho oderako mmene munali zigamba. Ndinali ndisanaone zigongono za achemwali anga panja kwa zaka makumi awiri ndi zinayi. Ndinadzuka n'kuwakumbatira, ndipo titasiyana ndinaona akuyang'ana paphewa pa jekete langa lakuda, mwachizolowezi, kuti akutumule. Panalibe chokutumula.

Mwezi wotsatira anachotsa makina osokera m'kachipinda kaja n'kukawaika pakhonde la sitolo ya nsalu, mumsewu waukulu. Kumanja kwawo kunali wokonza mawotchi, kumanzere mayi wogulitsa mabatani ndi mazipi. Ntchito inachuluka. Anayamba kuseka mokweza, kaseko kamene ine ndinkakakumbukira kuyambira ndili mwana. Anagula mbale zatsopano zofanana zonse, ya dontho lofiira ija n'kuisandutsa modyera mphaka.

Alamu sizinawakomere. Sabata yoyamba anakakhala nawo pakhondepo ati kuyang'anira, koma palibe amene ankawafunsa kanthu. Anthu ankabwera kudzayesa malaya. Pa benchi napo funso lija lakuti "odwala agona bwanji?" linatha, ndipo linali funso limene linkawatsegulira nkhani tsiku lililonse. Munthu amene wakhala akutamandidwa chifukwa chopirira, mukamuchotsera chopirira amatsala ndi chiyani? Anatsala ndi foni.

Lamlungu lina masana tinali patebulo titangotha kudya. Alamu anagogoda kapu ndi supuni ngati pamsonkhano, ngakhale tinalipo atatu okha. Anatulutsa foni n'kuitalikitsa kumaso mkono wonse, chifukwa magalasi amakana, ati maso a munthu wa zachipatala safooka.

"Ndapeza," anatero. "Ndinkadziwa kuti pali chimene akubisa. Apa alemba kuti mankhwala a matenda a khungu awa, obayawa, amaimitsa mtima. Anthu agwa nawo. Azungu eni ake anawaletsa."

"Tawerengani yonse, alamu," ndinatero.

"Mutu wa nkhani ndi wokwanira kwa munthu wodziwa."

"Ndipatseni ndiwerenge ine."

"Mlamu, inu lembani makalata a ana a sukulu. Izi zili m'Chingerezi cha madokotala."

Achemwali anali akusonkhanitsa mbale. Anati dokotala anawayeza asanayambe, ndipo sakumva vuto lililonse. Alamu anaika foni pansi, kupinda manja pachifuwa, n'kuwayang'ana mwachifundo chimene ndikanatha kuwaponyera nacho mbale.

"Mayi, apongozi anga ankamva vuto lanji? Si anadzuka bwinobwino? Anapita ali ndi zaka zingati?"

Bambo athu anagwa pakhomo m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato, ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Mtima. Amene anali nawo ndi achemwali, ali mtsikana wamng'ono, ndipo ndi iwo amene anawagoneka chagada n'kumawaitana mpaka mawu kutha. Nkhani imeneyi saikamba. Alamu amadziwa kuti saikamba.

"Nanga inu muli ndi zingati tsopano?" anapitiriza. "Makumi asanu ndi zitatu. Ine ndangofunsa."

Achemwali anaika mbale pansi n'kukhala.

Tsiku lomwelo alamu anatsegula filiji n'kuchotsa kabokosi kamene kanali ndi majakisoni awiri. Anati akaika pabwino. Pabwinopo panali m'galimoto yawo yakale imene yakhala pamiyala kuseri kwa nyumba zaka zisanu, padzuwa, mawindo otseka. Anaika m'kabati ya kutsogolo n'kukhoma, kiyi m'thumba.

Ndinawauza achemwali kuti aimbire dokotala. Anati mawa. Mawa litafika anati alamu ako agwira pachipatala nthawi yaitali, mwina pali chimene akudziwa. Anandichonderera kuti ndisauze mwana wawo, ati ali ndi zake zomudetsa nkhawa. Ndipo ine ndinamvera. Pamenepa ndimadzinyoza ndekha. Ndinakhala chete milungu khumi, ndikuti za m'banja la eni sindilowerera, ngati kuti amene akuyabwidwayo sitinayamwe bere limodzi.

M'milungu imeneyo alamu anatsitsimuka. M'mawa uliwonse ankawakhazika achemwali pampando, kuwagwira dzanja, kuika zala kumbuyo kwa mkono kumene kulibe mtsempha uliwonse wogunda, n'kumayang'ana wotchi, milomo ikuwerenga.

"Mwaumva? Wadumpha pamenepo. Ndi poizoni uja akadali m'magazi."

Munthu mukamuuza tsiku ndi tsiku kuti mtima wake ukudumpha, umayambadi kudumpha. Achemwali anayamba kuopa kukwera masitepe, kuopa kuweramira pansi. Nsapato anayamba kuvala zongolowetsa.

Khungu silinachedwe. Linayambira m'mutu, kenako zigongono, kenako linabwera lonse ngati likubweza ngongole ya mkwiyo, mpaka m'zikhatho mmene kale munalibe. Zala zinatupanso. Anali atalandira ntchito yosoka mayunifolomu a kwaya ya sukulu ina, anayi okha ndi amene anatha, nsalu yotsala anabweza. Diresi lachikasu linalowa m'sutikesi. Makina anabwerera m'kachipinda kakuseri pa wilibala, akukankha alamu eni ake, akuimba mluzu. Podutsa pa benchi anaima kuti apume, ndipo wina anafunsa kuti odwala ali bwanji. Anayankha kwa theka la ola.

Loweruka lina m'mawa ndinawapeza pakhonde atavala jasi, akutakasa zinthu m'chitini ndi kamtengo. Fungo lake ndinalizindikira ndili pageti. Anali mankhwala okolopera aja, osakaniza ndi mafuta odzola. Ndinalanda chitinicho n'kuchiponya mu ngalande.

"Mlamu! Pakhomo panga?"

"Pakhomo panu pomwe. Mukawadzoze mashiti anu aja."

Ndinali ndisananenepo mawu otere pamaso pawo chikwatirireni achemwali. Anati ndine wamwano ndipo n'chifukwa chake amuna sakhalitsa kwa ine. Ndinawasiya akulankhula n'kuimbira mwana wawo.

Mwanayo anafika masana. Sanakalipe. Analowa m'kachipinda, kuona manja a mayi ake, n'kutuluka maso ali ofiira. Anapempha kiyi wa galimoto. Kabokosi kaja kanali katafwifwa, kotentha ngati kachokera pa mbaula. Anaimba kuchipatala n'kupeza malo Lachiwiri.

"Ndipita nawo," anatero alamu. "Ndikamufunse kamtsikanako mafunso amene sanafunsidwepo."

Lachiwiri anavala jasi, zolembera zitatu m'thumba la pachifuwa, m'manja envulopu ya mapepala amene anasindikiza kwa wokonza mafoni. M'chipinda chodikirira anayendera odwala anzathu mmodzimmodzi, kuwayang'ana zilonda. Bambo wina anachita kuwavulira sokosi. Titaitanidwa analowa patsogolo n'kukhala pampando wa pafupi ndi tebulo. Achemwali anaima kumbuyo kwawo, ine ndi mwana pakhoma.

Dokotala anayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Odwala ndi ati?"

"Ndi mayiwa. Koma ine ndi amene ndilankhule. Ndine mnzanu pa ntchito."

"Ndiye apatseni mpando mayiwo."

Ananyamuka mochedwa, ngati mpandowo wawamata. Dokotala anatenga manja a achemwali, kuwatembenuza, kupinda chala chimodzi pang'onopang'ono. Anafunsa kuti jakisoni womaliza anabaya liti. Atamva, anangolemba. Alamu anayala mapepala awo pamwamba pa faelo.

"Mukupha anthu," anatero. "Umboni ndi uwu."

Dokotala anawerenga masamba onse atatu, ife tikudikira. Atatha anawasanja bwinobwino.

"Nkhani iyi si yabodza," anatero. Alamu anatiyang'ana tonse, chifuwa patsogolo. "Koma ndi yakale, ndipo ikunena za mankhwala ena. Anali akadayesedwa, anthu angapo anadwala mtima pa nthawi yoyesayo, ndipo sanafike n'komwe m'zipatala. Mayiwa sanabayepo amenewo. Zalembedwa apa, tsamba lachiwiri."

"Onse ndi amodzi."

"Ayi. Basi ndi ambulansi zonse ndi galimoto, koma si zimodzi."

Kenako anatembenuza mpando wake, kuwapatsa alamu msana, n'kuyang'ana achemwali.

"Mayi, funso la mtima ndi funso labwino, ndipo madokotala analifunsa kalekale chifukwa cha nkhani ngati imeneyi. Anthu ambiri amene akubaya majakisoni a mtundu wanu akhala akutsatidwa. Mpaka pano sizinaoneke kuti amadwala mtima kapena sitiroko kuposa anzawo a matenda omwewa amene sakubaya. Sindikuuzani kuti zonse zikudziwika. Mankhwalawa sanakhale nafe zaka zambirimbiri, ndipo kafukufuku akupitirira. Ulipo mtundu wina umene sitipereka kwa munthu amene mtima wake ndi wofooka kale, ndipo n'chifukwa chake ndinakufunsani za kupuma ndi kutupa kwa miyendo tisanayambe. Koma pali china chimene muyenera kudziwa. Matenda anuwa pawokha, akakhala aakulu chonchi, amayenda limodzi ndi matenda a mtima. Moto umene mukuuona pakhunguwu sumathera pakhungu. Kusiya jakisoni sikunateteze mtima wanu."

Achemwali anayang'ana manja awo.

"Bambo anga anagwa ndi mtima," anatero motsitsa. "Ndinalipo."

"Munandiuza tsiku loyamba, ndinalemba. Chimenecho ndi chifukwa chokwanira chakuti tiuyang'anire mtima wanu mosamala, mukubaya kapena simukubaya. Tiuyezanso lero, bwinobwino, kuti muone ndi maso anu."

Alamu anali atayamba kunena kuti pa zaka zawo makumi awiri ndi zitatu aona zambiri, pamene chitseko chinatseguka. Analowa nesi wachikulire, waimvi, akukankha kamakina koyezera kuthamanga kwa magazi. Anaima, kutsinzina diso limodzi, n'kuwomba m'manja.

"Aa! Si adalaiva a zochapa awa? Mukadali moyo? Koma ndiye mwanenepa!" Anawagwira kolala n'kuitembenuza, ngati mayi akuyang'ana litsiro pakhosi pa mwana. "Ndi limeneli! Jasi ili tinalifuna chaka chathunthu. Mwini wake anachita kukalipira wodi yonse."

Analibe mangawa nesiyo, ankangosangalala kuona munthu wakale. Anafunsa za ana, za galimoto ija inkazima pachitunda. Alamu anayankha ndi mphuno. Mwana wawo anayang'ana kudenga. Ine sindinayang'ane kwina kulikonse, ndinayang'ana iwo, ndipo sindinaphethire.

Tsiku lonse linathera m'makonde a chipatala. Anawamata achemwali timawaya pachifuwa, kuwajambula mtima pa kanema, kuwatenga magazi. Alamu anakhala panja pa benchi, jasi atalipinda pamiyendo. Zotsatira zinati mtima ukupopa bwino. Koma kuthamanga kwa magazi kunali kokwera, ndipo mafuta m'magazi anali ochuluka. Dokotala analemba mapiritsi a zimenezo, n'kuwauza kuti achepetse mchere, aziyenda pansi tsiku lililonse, ndipo azibwera kudzayezedwa miyezi itatu iliyonse.

"Za jakisoni ndi inu munene," anatero pomaliza. "Thupi ndi lanu. Mukafuna kuganiza kaye, kaganizeni."

Achemwali sanayang'ane kukhomo kumene kunali amuna awo.

"Ndaganiza zaka makumi awiri ndi zinayi, adokotala. Ndibayeni lero lomwe."

Ulendo wachiwiriwu mankhwala sanagwire msanga ngati poyamba. Panatenga miyezi isanu. Chigamba cha chigongono chakumanzere sichinachokeretu mpaka lero, ndipo chala chimodzi chinapindika osawongokanso, moti ulusi amalowetsa mu singano ndi dzanja lamanzere. Malo awo pakhonde la sitolo anali atatengedwa ndi telala wina. Anapeza ena kumunsi kwa msewu, pafupi ndi okonza njinga, kumene kuli fumbi lambiri.

Majakisoni tsopano amakhala m'filiji yanga, pashelefu yapakati, m'kabokosi kapulasitiki kolembedwa dzina lawo. Tsiku loyamba la mwezi amabwera poweruka, kukhala pabedi langa, kupukuta ntchafu ndi thonje, n'kubaya akuwerenga mpaka khumi ndi zisanu. Kenako timamwa tiyi. Ndinawafunsapo chifukwa chimene sakuthetsera banja ndi alamu. Anati nyumba ija anamanga ndi masiketi ndi mabulauzi a anthu, njerwa iliyonse, ndipo amene akufuna kuchoka achoke iyeyo. Amawaphikira, amawachapira, koma dzanja lawo saliperekanso kuti aliwerenge.

Mungaganize kuti munthu wochititsidwa manyazi chotero angakhale chete. Anakhaladi chete masiku asanu ndi limodzi. La chisanu ndi chiwiri ndinadutsa pa benchi ndikuchokera kuntchito, ndipo ndinawamva ndili patali.

"Ndinawapanikiza! Ndinati muyezeni mtima mayiyu, apo ayi sindichoka muno. Kamtsikana kaja kanachita kunjenjemera. Atayeza, anapeza chiyani? Magazi akuthamanga! Mafuta thoo! Ndikanapanda ine, bwenzi pano tikunena zina."

Wometa tsitsi ankagwedeza mutu movomereza. Wokonza mafoni anati mabanja ena ali ndi mwayi. Alamu atandiona anakweza dzanja.

"Mlamu, bwerani muwauze anthuwa. Munalipo."

"Ndinalipo," ndinatero, osaima.

"Mwamva? Analipo."

Mwezi wathawu anafika kwanga okha, Loweruka masana, chinthu chimene sanachitepo. Anakana tiyi. Anayang'ana pawindo ngati pali amene wawatsatira, kenako anakhala pampando n'kukwinya thalauzi mpaka m'bondo. Pa katumba panali kabwalo kozungulira, kofiira m'mbali, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo. Ngakhale ine wolemba makalata a ana a sukulu ndimachidziwa chipere, ndimachiona pamitu ya ana tsiku ndi tsiku.

"Ndatengera," ananong'ona. "Ndinkanena ine kuti zimapatsirana."

"Ndi chipere chimenecho, alamu. Mwina mwatengera kwa mphaka."

"Ayi, ndi nthenda yomweyo. Ndaiwerenga." Anayang'ana kukhitchini. "Mlamu, inu ndi ine tisamabisane. Jakisoni uja ali m'filijimo, achemwali anu sangazindikire. Kungondidonthezera pang'ono pokha, theka la theka. Ndikudziwa pobaya."

Ndinawafunsa za mtima wawo. Anati wa mwamuna ndi wolimba.

Ndinadzuka, kupita kukhitchini, n'kukaima chotsamira chitseko cha filiji. Ndinawauza kuti ku famasi ya pafupi ndi siteji ya basi amagulitsa kodzola ka zipere, adzoze kawiri patsiku, ndipo thaulo lawo aziyanika pa lokha kufikira chitapola, chifukwa chimenecho ndiye chimapatsiranadi. Anatsitsa thalauzi n'kuimirira. Ali pakhomo anatembenuka n'kundipempha kuti ndisauze achemwali.

Ndinawaimbira achemwali, alamu asanafike n'komwe pageti.